Mgonero wopanda nyama kwa Ataliyana a mu Blantyre

Dzuwa litangolowa kuseri kwa phiri la Michiru, azakhali anga anatseka Baibulo, navula duku la kutchalitchi n'kumanga lina. Sabata inali itatha. Tinakwera minibasi ku Chilomoni, tinatsikira m'tauni, kotsalako n'kuyenda wapansi mpaka pamalo odyera a Chitaliyana omwe ndakhala ndikupitako kwa zaka zingapo.

Fungo linatichingamira pachipata.

Linali fungo la nkhuni, la adyo wongofunditsidwa m'mafuta, ndi la tomato yemwe wakhalitsa pamoto wa kamnyengu. Pakona, mnyamata wovala epuloni yoyera ankatambasula mtanda wa fulawa ndi nsonga za zala, kuuzunguza m'mwamba, kuuyala pathabwa. Anapakapo tomato ndi kumsana kwa chipande, kuwazapo tchizi, n'kukankhira zonsezo m'kamwa mwa uvuni ndi fosholo ya mpini wautali. Posakhalitsa m'mphepete mwa mtandawo munatukumuka, n'kuchita timadontho takuda ngati chimanga chootcha.

Azakhali anaima n'kumaonerera, manja ali m'juzi chifukwa cha kuzizira kwa mwezi wa July.

Papita zaka 9 chilekereni nyama. Chinayamba ndi BP: adokotala atawauza kuti achepetse mchere ndi zonona, iwo anaona kuti n'chimodzimodzi ndi zomwe akhala akumva kumpingo kwawo kuyambira ali mtsikana. Anasiya ya ng'ombe, kenako nkhuku, pamapeto pake ndi chambo chomwe. Kunyumba sizivuta. Vuto limabwera akatuluka. Kuukwati amapatsidwa mpunga ndi kabichi wa pambali, ndipo woperekera amachita kuwamvera chisoni. M'malesitilanti ambiri akanena kuti sadya nyama, amafunsidwa ngati angadye nkhuku.

Woperekera zakudya atafika ndi menyu, azakhali sanaitsegule n'komwe.

"Achimwene, ine nyama ayi, nkhuku ayi, nsomba ayi. Kodi ndigona ndi njala?"

"Ayi ndithu, amayi. Tsegulani tsamba lachiwiri, tiyambire pamenepo."

Tinawerenga limodzi. Zakudya zopanda nyama zinali zambiri moti azakhali anafunika nthawi yoti asankhe, chinthu chomwe sichinawachitikirepo kwa nthawi yaitali.

Mu Blantyre anthu osadya nyama alipo ambiri kuposa momwe ophika athu amaganizira. Tsika mumsewu wa Glyn Jones, udzapeza kachisi wa Ahindu, ndipo mumsewu womwewo ndi momwe malo odyera a Veg-Delight anadziwikira pophika zakudya za Chimwenye zopanda nyama. Ku Limbe kuli mabanja a amalonda ochokera ku Gujarat omwe agogo awo anafika kuno m'nthawi ya atsamunda, ndipo anachulukana m'tauni m'zaka za m'ma 1970 pomwe boma la Dr Kamuzu Banda linawalamula kuchoka m'malo a malonda a kumidzi. Ambiri mwa Ahindu a m'mabanja amenewa sadya nyama chibadwire, ena ngakhale dzira sakhudza.

Palinso a Seventh-day Adventist, mpingo womwe unakhazikika ku Malamulo m'boma la Thyolo mu 1902 ndipo uli ndi chipatala chake mu Blantyre momwemuno. Si onse omwe anasiya nyama, koma chiphunzitso cha mpingowu chimalimbikitsa mbewu, zipatso ndi masamba, ndipo ena ngati azakhali anga anachigwiritsitsa. Pali ma Rasta a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, omwe chakudya chawo amachitcha ital. Pali Akatolika omwe Lachisanu lililonse la nyengo ya Lenti amasala nyama. Onjezerapo odwala shuga ndi BP, alendo ogwira ntchito m'mabungwe ndi pachipatala cha Queen Elizabeth, komanso achinyamata omwe awerenga zina pa intaneti n'kuganiza zosintha kadyedwe.

Onsewa amafuna potulukira Loweruka madzulo ngati wina aliyense.

Koma kwathu kuno kudya kunja kumatanthauza nkhuli. Munthu akalandira malipiro, mapazi amamutengera pachiwaya, pa kanyenya, pa mang'ina. Mlendo wolemekezeka timamuphera nkhuku, ndipo mayi yemwe wapatsa mlendo nsima ya masamba okhaokha amapepesa asanaike mbale pansi: ndiwo zake n'zomwezi, mutikhululukire. Tinakula tikudziwa kuti masamba ndi a pakati pa mwezi, nyama ndi ya Khirisimasi. Choncho kulipira ndalama zambiri mulesitilanti kuti udye biringanya, kwa ambiri n'kutaya ndalama. Mnzako amakufunsa ngati wasanduka kalulu.

Sindikuseka maganizo amenewa. Ali ndi pochokera. M'dziko lomwe mabanja ambiri amatha milungu osalawa nyama chifukwa chosowa ndalama, nyama imakhala chizindikiro choti zinthu zayenda. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, gulu lomwe limasowa kawirikawiri m'mbale ya mwana wa kumudzi ndi la zanyama. Kusiya nyama mwa kufuna n'kosiyana kwambiri ndi kuisowa. Mayi wa ku Chirimba yemwe amagula kapaketi ka soya pisi chifukwa nyama ya kubutchala yakwera mtengo sakusala chilichonse, akungoyesetsa kuti ana amve kafungo ka nkhuli.

Chomwe chinandikopa pa kaphikidwe ka Ataliyana n'choti nawonso anachokera ku umphawi womwewu.

Ife timawadziwa Ataliyana ngati azungu a ndalama. Kum'mwera kuno dzina la Conforzi aliyense amalidziwa: Mtaliyana yemwe anafika mu Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kutsegula minda ya fodya ndi tiyi ku Thyolo. Ku Mapanga, panjira ya ku Zomba, kuli nyumba yonga linga yomwe inamangidwa ndi Mtaliyana wina, Sabbatini. Ku Lunzu kuli sukulu ya ntchito zamanja ya ansembe a Comboni, ku Balaka ansembe a Montfort ochokera ku Italy anasiya chizindikiro chosafufutika, ndipo gulu la Sant'Egidio la ku Rome limayendetsa chipatala cha DREAM chothandiza omwe ali ndi HIV mu Blantyre. Pankhani ya zakudya, okhala mumzindawu amatchula Hostaria akamanena za pizza ndi pasta, ndipo ena amakumbukira khofi wa pakhonde la Mandala House, nyumba ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes, momwe muli La Caverna pansi ndi laibulale ya Society of Malawi pamwamba.

Koma zakudya zomwe zili pamenyu yawo zambiri sizinabadwire m'nyumba za olemera. Zinabadwira m'makhitchini a alimi osauka omwe nyama ankaiona pa chikondwerero basi. Eni ake ali ndi dzina la kaphikidwe kameneka, cucina povera, kutanthauza khitchini ya amphawi. Umphawi womwewo ndi womwe unathamangitsa Ataliyana mamiliyoni ambiri kupita ku America ndi kwina pakati pa 1880 ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, monga momwe anyamata athu amapitira ku Joni lero.

Taonani zomwe ankadya.

Kumpoto, m'madera a Veneto ndi Lombardy, chakudya cha tsiku ndi tsiku chinali polenta: ufa wa chimanga wothiridwa m'madzi owira, wovundulidwa ndi mthiko mpaka utalimba. Ndi nsima, kungoti ya chimanga chachikasu, ndipo amathiramo mchere. Alimi a kumeneko ankaidya yokhayokha kwa miyezi mpaka kudwala nthenda yosupula khungu yomwe dziko lonse limaitchula ndi dzina la Chitaliyana, pellagra. Nthenda yomweyi madokotala athu amaidziwa bwino, imabuka m'zaka za njala anthu akamadalira chimanga chokha. Ku Tuscany ankaphika ribollita, msuzi wa nyemba, masamba ndi buledi wotsala dzulo, wotenthetsedwanso m'mawa ngati mkute. Pafupifupi dera lililonse lili ndi pasta e fagioli yakeyake, yomwe ndi pasta yophikidwa pamodzi ndi nyemba. Kum'mwera, ku Naples ndi Sicily, mfumu ya ndiwo ndi biringanya.

Ngakhale chimanga ndi tomato, zonsezi n'zobwera kwa iwo monga zilili kwa ife. Zinachokera ku America m'zaka za m'ma 1500. Iwo anazilandira, ife tinazilandira, aliyense n'kuziyesa zamakolo ake.

Kusiyana kulipo kumodzi. Ataliyana atalemera sanataye ndiwo zaumphawi wawo. Anaziika pambale yoyera, kuzipatsa mayina, kuzilemba m'mabuku, kuzitumiza m'maiko. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika kadyedwe ka anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, ndipo mu 2017 linachitanso chimodzimodzi ndi luso la ophika pizza a ku Naples. Chonsecho pizza ziwiri zomwe a ku Naples amati ndi zenizeni zilibe nyama. Marinara ndi tomato, adyo, oregano ndi mafuta basi, tchizi mulibe. Margherita ndi tomato, tchizi ya mozzarella ndi masamba a basil, ndipo nkhani yomwe imakambidwa imati inatchedwa choncho mu 1889 polemekeza Mfumukazi Margherita itacheza mumzindawo.

Azakhali anayamba ndi bruschetta. Ndi buledi wowambidwa pamoto, wokhulidwa ndi adyo, pamwamba pake tomato wosaphika woduladula, mchere pang'ono ndi mafuta a olivi. Analuma kamodzi, n'kukhala chete. Kenako anatola katsamba kobiriwira komwe kanali pamwamba, kukafikisa pakati pa zala, kukanunkhiza.

"Uyu si mpungabwi uyu?"

Sanalakwe kwenikweni. Basil ndi mpungabwi ndi a banja limodzi. Ife timauthyola kuthengo n'kuupachika m'nyumba kuti uthamangitse udzudzu, iwo m'bale wake wa mpungabwiyo amamusinja mumtondo pamodzi ndi adyo, mafuta, tchizi ndi timtedza ta paini, n'kupanga pesto ya ku Genoa. Mawu akuti pesto amachokera ku liwu lotanthauza kusinja. Nditawafotokozera zimenezi, azakhali anati ndiye kuti Ataliyana nawonso amatendera.

Anatsatiza ndi parmigiana di melanzane. Inabwera m'kambale kadothi, ikubwatabe m'mphepete. Mabiringanya odulidwa mopyapyala, okazingidwa, oyalidwa m'mizere, pakati pake tomato ndi tchizi, kenako n'kuikidwa mu uvuni mpaka pamwamba patachita nkhanambo yofiirira. Foloko inkalowa ngati ikulowa mu mbatata yakupsa. Biringanya yemwe pamsika wa Limbe amagulitsidwa pamulu, yemwe ambiri timamudutsa ngati sitikumuona, apa anali mwini mbale, osati woperekeza nyama.

Ine ndinaitanitsa penne all'arrabbiata, pasta ya msuzi wa tomato, adyo ndi tsabola. Dzinalo limatanthauza yokwiya. Kwa munthu wozolowera kambuzi mkwiyo wake ndi wofatsa, koma msuziwo unali wokhwima bwino, wosachita madzi, womata kachidutswa kalikonse.

Pamenyu panali zinanso: spaghetti aglio e olio, yomwe ndi adyo ndi mafuta basi, minestrone wa masamba ndi nyemba, gnocchi wa mbatatesi, ravioli wofutiridwa sipinachi ndi tchizi yofewa ya ricotta, risotto wa bowa, ndi pizza ya ndiwo zamasamba zowamba.

Koma wosadya nyama asamangokhulupirira dzina. Khitchini ya Chitaliyana ili ndi misampha yake, ndipo yoyamba ndi msuzi. Risotto ndi minestrone zimaoneka zosalakwa, koma ophika ambiri padziko lonse amaziphika ndi msuzi wa mafupa a nkhuku kapena a ng'ombe, kapenanso timakiyubu tokometsera ta nyama. Spaghetti alla puttanesca imaoneka ngati tomato ndi maolivi okha, pomwe mkati mwake mwasungunuka tinsomba tamchere tonga usipa. Carbonara ilibe nyama yooneka kwambiri pachithunzi, koma maziko ake ndi nyama ya nkhumba ndi mazira. Pasta yopangira pomwepo, monga tagliatelle ndi ravioli, nthawi zambiri imakandidwa ndi mazira, pomwe yowuma ya m'paketi ndi tirigu ndi madzi. Tiramisu ili ndi mazira, panna cotta imalimbitsidwa ndi jeletini wochokera ku zikopa ndi mafupa.

Msampha waukulu uli mu tchizi. Parmigiano Reggiano yeniyeni, yomwe imasungidwa miyezi yosachepera 12 isanagulitsidwe, malamulo ake amafuna kuti mkaka ugwiritsidwe ndi michere yochokera m'chifu cha thole. Kwa munthu yemwe wasiya nyama chifukwa cha BP zimenezi sizimukhudza. Kwa Mhindu yemwe ng'ombe ndi yopatulika, ndi nkhani yaikulu.

Apa ndi pomwe ulemu wa malo odyera umaonekera.

Ndinakhalapo pamalo ena, sinditchula dzina, pomwe mnzanga wosadya nyama anapeza tizidutswa ta bekoni mu pasta yomwe anauzidwa kuti ndi ya bowa. Atadandaula, mbale inapita kukhitchini n'kubwerera yomweyo, tizidutswato atangotolamo. Mnzangayo anamwa madzi okha usiku wonse. Kumeneko sikusowa kwa ndiwo, koma kusamvetsa kuti munthu akati sindidya, nthawi zina akunena za chikhulupiriro chake.

Loweruka limeneli zinali zosiyana. Azakhali atafunsa za minestrone, woperekera uja sanayankhe zongoganiza. Anati adikire, analowa kukhitchini, anabwera n'kunena kuti wa tsiku limenelo waphikidwa ndi msuzi wa nkhuku, ndiye asankhe china. Anataya mwayi wogulitsa mbale imodzi, koma azakhali anadya zotsalazo mtima uli m'malo.

Ophika ndi operekera a m'malo amenewa pafupifupi onse ndi Amalawi. Mnyamata wa pauvuni uja akaweruka amakwera minibasi ya ku Machinjiri kapena Mbayani, kukadya nsima ya bonongwe ngati ine. Manja omwe amadziwa kuti mtanda wa pizza wafufuma mokwanira ndi omwewo omwe anakulira kusadzula nkhwani. Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti mtunda wa pakati pa Naples ndi Ndirande si wautali ngati momwe mitengo ya pamenyu imaonetsera.

Lolemba lake ndinalawirira kumsika wa Limbe kukaona komwe ndiwozi zimachokera.

Isanakwane 6 koloko, malole ndi mapikapu anali atafika kale. Madengu a tomato ankatsitsidwa anthu awiriawiri, amayi atamanga zitenje m'chiuno akukuwa mitengo. Mbatatesi ndi kabichi zambiri zomwe mzinda uno umadya zimachokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, ku Tsangano ndi Lizulu, ndipo pafupi pompano pali Bvumbwe, panjira ya ku Thyolo, komwe alimi a m'madimba amalima letesi, karoti, tsabola wobiriwira, zitheba ndi mabiringanya, moyandikana ndi malo a boma ofufuzira za ulimi wa masamba ndi zipatso. Mkaka nawo ulipo: alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre ndi omwe amapereka mkaka wambiri wa dziko lino.

Choncho theka la mbale ya Chitaliyana limamera pakhomo pathu. Theka linalo ndi lomwe limapweteka. Mafuta a olivi, tchizi zolimba, maolivi, mpunga wa risotto, pasta yabwino, zonsezi zimadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza kuchokera ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Ngakhale fulawa wogayidwa konkuno, tirigu wake pafupifupi yense ndi wogula kunja. Zonsezi zimafuna madola, ndipo madola ndi omwe akhala akusowa. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pakati pa ziwirizi panadutsa namondwe wa Freddy mu March 2023, yemwe anapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, n'kukokolola madimba ndi milatho m'maboma omwe amadyetsa Blantyre. Onjezerapo kuzimazima kwa magetsi, komwe kumakakamiza mwini malo kugula dizilo wa jenereta kuti tchizi isawonongeke mufiriji.

N'chifukwa chake mbale yopanda nyama kwa Ataliyana siitsika mtengo monga momwe munthu angayembekezere. Chodula si biringanya. Chodula ndi supuni ziwiri za mafuta omwe wakazingiridwa ndi tchizi yomwe yamuphimba. Ndinene mosabisa: mgonero womwe tinadya ndi azakhali si wa mlonda kapena mphunzitsi wa pulayimale pakati pa mwezi. Ndi wa kamodzi pakanthawi, ndipo kwa anthu ambiri a mumzinda uno ndi wa chaka ndi chaka osaulawa.

Koma ndikuyenda pakati pa mabenchi a mumsikawo ndinayamba kuwerenga zomwe wophika wa Chitaliyana akanazilandira ndi manja awiri. Nyemba za mitundumitundu, zofiira, zoyera, zamawangamawanga. Khobwe, nzama, mphodza. Nandolo, yemwe alimi a kum'mwera kuno amalima wambiri, makampani a mu Blantyre ndi Limbe n'kumutumiza ku India kukadyedwa ndi anthu osadya nyama, ife eni ake tikumuona ngati ndiwo za mwezi ukathina. Maungu. Mtedza wa makademiya wa ku Thyolo, womwe ukhoza kulowa mu pesto m'malo mwa timtedza ta paini todula tija. Ndipo mvula ikagwa, bowa wa m'nkhalango, utale ndi manyame, yemwe amayi amayala m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Ku Italy bowa wa m'tchire ndi chakudya chaulemu, anthu amalipira ndalama zambiri kuti amulawe.

Nanga bonongwe walakwa chiyani kuti asalowe mu ravioli m'malo mwa sipinachi? Ataliyana a kum'mwera amathyola masamba owawa a m'tchire monga momwe ife timathyolera chisoso ndi luni, n'kuwakazinga ndi adyo ndi tsabola. Wophika wa ku Puglia atalawa nkhwani wotendera sangadabwe. Angafunse kuti nsinjirozo mwathira nthawi yanji.

Mayi wina wogulitsa masamba, nditamufunsa ngati ophika a m'malesitilanti amagula kwa iye, anandilozera letesi ndi tsabola wobiriwira. Chisoso ndi bonongwe zinali pansi, pa saka, kuseri kwa benchi.

Zimenezi zimandipweteka, chifukwa manyazi omwe tili nawo pa masamba athu akutidwalitsa. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Anapezanso kuti pafupifupi onse omwe anafunsidwa sankadya zipatso ndi masamba okwanira. WHO imalangiza magalamu 400 patsiku. Ife timadya mitanda itatu ya nsima ndi kandiwo kongonyowetsera mbamu, kophikidwa ndi soda mpaka kufera mumphika. M'tauni tawonjezapo tchipisi, soseji ndi zakumwa za shuga. Ambiri mwa ife tili ndi m'bale yemwe wagwapo ndi sitiroko asanakwane zaka 60.

Sindikunena kuti pizza ndi mankhwala. Fulawa woyera, tchizi wambiri ndi mchere, zikachuluka, zimabweza munthu kwa adokotala omwe aja. Azakhali amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anapempha kuti asawonjezere tchizi pamwamba. Wosiyiratu nyama, mkaka ndi mazira ayeneranso kusamala za vitamini B12, yemwe m'masamba ndi m'nyemba mulibe. Chomwe Ataliyana akutiphunzitsa si kudya zawo, koma momwe amachitira ndi ndiwo: kugula zatsopano, kusazipsereza, kusaziphimba ndi zokometsera khumi, ndi kuziika patebulo osapepesa.

Pafupi ndi tebulo lathu panali banja la Amwenye, agogo aakazi atavala sari pansi pa juzi, adzukulu atatu akulimbirana chidutswa chomaliza cha margherita. Kutsogolo kwake anyamata awiri ovala masuti ankagawana pizza ya nyama yokhayokha. Kumbali kunakhala mtsikana wa tsitsi lopotana la Chirasta ndi bwenzi lake, yemwe ndinamumva akufunsa ngati angapeze marinara. Mu Blantyre malo omwe anthu onsewa angadye pansi pa denga limodzi, aliyense osaphwanya mwambo wake, ndi owerengeka.

Tisananyamuke, azakhali anapempha kuti aone wophika. Anatuluka bambo wa msinkhu wapakati, akupukuta manja pa epuloni, nkhope ikuonetsa nkhawa ngati munthu woitanidwa kukayankha mlandu. Azakhali anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo, mwandilemekeza. Biringanya ndimalima ndekha kuseri kwa nyumba, koma sindimadziwa kuti angakome chonchi."

Bamboyo anaseka, mapewa n'kutsika. Kukamba kwawo kunalowa m'munda. Azakhali anafunsa za mafuta, iye anafotokoza kuti biringanya amayamba wamuwaza mchere n'kumusiya akhe madzi, kuti asamwe mafuta ambiri pokazinga. Ine ndinaponyapo zomwe ndinawerenga, zoti ku Rome amakazinga maluwa a maungu ataviika mu fulawa wamadzi, ndipo amawagulitsa ngati chakudya chapamwamba.

Azakhali anatembenuka.

"Chiluwe?"

Ndinati inde, chiluwe chomwechi, chomwe amathyola m'mawa mame asanaume n'kusakaniza ndi nkhwani ndi timaungu tanthete. Anapukusa mutu kwa kanthawi. Kenako anauza wophikayo kuti mvula ikagwa, maungu akayamba kuyanga mu January, adzatuma mdzukulu ndi beseni lodzaza, iye adzayese kukazinga mwa Chitaliyana, iwo adzabwera kudzalawa. Wophikayo anati adzathyole aamuna okhaokha, aakazi awasiye abale.

"Zimenezo mukuuza ine?" anatero azakhali.

Kunja chiperoni chinali chitayamba kutsika, magetsi a mumsewu akuoneka mwa chizimezime. Minibasi zinali zitatha, tinakwera takisi. Azakhali anakhala kumbuyo, atafungatira pamiyendo kabokosi ka magawo awiri a margherita omwe anasungira adzukulu, ndipo m'dzanja lina anali atafumbata kanthambi ka basil komwe wophika uja anawathyolera, kokulungidwa m'pepala lonyowa. Tikudutsa pa Clock Tower anandifunsa ngati kangamere m'chitini.